Funsani a Kapitawo: Paipi ya pamsewu yatilanda matemba

Mvula yatha, ndipo makomiti a m'midzi ali kalikiliki kukonza zomwe madzi anagumula. N'chifukwa chake makalata ambiri a mwezi uno akukamba za makalavati (mapaipi kapena mabokosi odutsitsa madzi pansi pa msewu) ndi timilatho. Ndasankhapo asanu. Yoyambayi ndiyankha motalika chifukwa yandikumbutsa cholakwa changa.

A Kapitawo, ndine wapampando wa komiti ya chitukuko m'mudzi mwathu, kuno ku Zomba, mbali ya ku Chilwa. Zaka zinayi zapitazo anatiikira paipi ya simenti pa kamtsinje kamene kamadula msewu wopita kumsika. Tinakondwa kwambiri. Koma chiikireni paipiyo, matemba ndi milamba zomwe zinkakwera mvula ikayamba sizifikanso kumtunda kuno, zimangounjikana kumunsi kwa msewu. Chaka chino madzi akokolola msewu m'mbali zonse, paipi yatsala yokha pakati ngati chitsa. Anzanga akuti tipemphe mapaipi atatu m'malo mwa imodzi. Kodi n'zoona kuti paipi ingatsekereze nsomba, poti madzi amadutsa ndithu? Nanga tipemphe chiyani? — Wapampando, Zomba

Bambo wapampando, n'zoona, ndipo ine ndinaziona ndi maso angawa pa ntchito ya manja anga omwe.

Ndili kapitawo wachinyamata ndinapatsidwa msewu wa dothi wokhala ndi timitsinje tisanu. Pa kena, kamene m'lifupi mwake munali ngati mamita 3, tinaika paipi imodzi ya 600, ndiye kuti ya kamwa la mamilimita 600, chifukwa ndiyo inali pa lole. Tinaiyala bwinobwino pamwamba pa mchenga, tinamanga khoma uku ndi uku, tinatsindira dothi, n'kumapita. Patatha zaka ziwiri ndinadutsanso pomwepo mu Disembala, mvula itagwa usiku. Kumunsi kwa msewu kunali kutakumbika dziwe, ndipo madzi ankatuluka m'paipi n'kugwa kuchokera pamwamba, msinkhu wa bondo langa. M'dziwemo munali bii ndi matemba. Ankalumpha, kumenyetsa mutu pa mlomo wa simenti, n'kugweranso m'thovu. Mmodzimmodzi amene ankakwanitsa kulowa, madzi ankamulavula nthawi yomweyo. Anyamata awiri anali atatambasula chitenje, akungowola. Agogo ena amene ankatsuka mbale chapafupi atandizindikira anandiuza kuti, "Mwana wanga, msewu mwatipatsa, koma ndiwo mwatitsekera." Ndinasowa chowayankha, ndipo mawu amenewo sanandichoke mpaka lero.

Chimachitika n'chotere. Kamtsinje ka mamita 3 mukakakamiza kulowa pa kamwa la masentimita 60, madzi amathamanga kwambiri, monga momwe amachitira mukatsina kukamwa kwa paipi yothirira m'dimba. Nsomba ikamakwera mtsinje siimasambira ulendo umodzi. Imathamanga pang'ono, kubisala kuseri kwa mwala, kupuma, kenaka kuthamanganso. M'paipi ya simenti muli see, mulibe mwala, mulibe popumira, ndiye tinsomba tokhala ngati chala timatopa tisanafike pakati. Madzi othamangawo akatuluka amakumba pansi, chaka ndi chaka, mpaka paipi imatsala m'mwamba, n'kusanduka mathithi. Kumtunda nako, nthambi imodzi ikapingasa pa kamwa, mapesi ndi zinyalala zimaunjikana, madzi amasefukira pamwamba pa msewu n'kudya dothi la m'mbali. Choncho zimene mwaona ziwirizi, kusowa kwa nsomba ndi kukokoloka kwa msewu, gwero lake ndi limodzi: paipi inachepera kamtsinje. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mukawapanikiza, tsiku lina adzatenga malo awo onse.

Inu a ku Chilwa nkhaniyi ikukukhudzani kuposa ena. Nsomba zomwe zimadyetsa anthu pa nyanja imeneyo ndi matemba, milamba ndi makumba, ndipo matemba ndi milamba zimakwera mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe mvula ikayamba, kukaswana m'madzi osefukira ndi m'maudzu. Nyanjayi inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo nsomba zomwe zinadzabwezeretsa mbewu ndi zomwe zinapulumukira m'maiwe a m'mitsinje. Mtsinje ndiwo nkhokwe ya nyanja ya Chilwa. Kamtsinje kalikonse kamene tatseka ndi paipi tachotsa chipinda chimodzi m'nkhokwemo.

Za mapaipi atatu, ndikuti ayi. Werengerani nokha: kamwa la paipi ya 1200 ndi lalikulu kanayi kuposa la paipi ya 600, ngakhale nambala yangowirikiza kawiri. Mapaipi atatu a 600 sakufika n'komwe pa imodzi ya 1200. Komanso nthambi yomwe inatseka paipi imodzi idzatsekanso atatuwo, chifukwa kamwa lililonse likadali laling'ono, ndipo makoma a pakati pawo amakola zinyalala.

Musanapemphe chilichonse, kayezeni kamtsinje kanu. Tengani tepi kapena chingwe, mupite kumtunda, kutali ndi pomwe msewu wasokoneza, pamalo poongoka. Musayeze madzi amene mukuwaona lero. Yang'anani m'mphepete pomwe madzi amafika mtsinje ukadzadza chaka chilichonse usanasefukire m'minda. Mudzazindikira pamene udzu wokhazikika wayambira, pamene mizu ya mitengo yaonekera, kapena pamene gombe lapindikira. Yezani kuchokera tsidya lino kufika tsidya lija, malo atatu osiyana, mupeze nambala ya pakati. Mainjiniya amene amamanga moganizira nsomba amati kamwa la mlatho lipose m'lifupi mmenemo ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Kamtsinje ka mamita 3 kamafuna kamwa la mamita 3.6. Ka mamita 2 kamafuna 2.4.

Nambala imeneyo ikudziwitsani chopempha. Ngati kamtsinje kali ka mita imodzi kapena kucheperapo, paipi yaikulu ikhoza kukwana, koma isakhale pamwamba pa mchenga monga ndinachitira ine. Ikwiriridwe pansi, gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a kamwa lake lilowe m'nthaka, ndipo mkati mwake muthiridwe mchenga, nsangalabwi ndi miyala yofanana ndi ya mumtsinjemo. Iyalidwe motsata kutsetsereka kwa mtsinje, ndiponso moloza komwe madzi amalowera, osati mongopingasa msewu kuti ntchito ichepe. Ngati kamtsinje kaposa pamenepo, ndipo ndikuganiza kuti kanu kaposa, pemphani kalavati ya bokosi yomwe pansi pake pakwiriridwa chimodzimodzi, kapena kamlatho: makoma awiri a miyala ndi simenti omangidwa kuseri kwa magombe, maziko ake ozama kufika pa nthaka yolimba, pamwamba n'kuyala silabu. Ine mtima wanga uli pa kamlathoka, chifukwa pansi pa mtsinje simukhudzapo n'komwe. Miyala ya makoma anthu a m'mudzi akhoza kututa okha, ndipo amisiri omanga ndi miyala alipo m'maboma onse.

Muyeso wake ndi wosavuta. Ntchito ikatha, tsikirani mumtsinje, muyende wapansi kuchokera kumunsi, mudutse pansi pa msewu, mukatulukire kumtunda. Ngati mapazi anu aponda mchenga ndi miyala yomweyomweyo njira yonse, osakwera sitepe, osaponda simenti yoterera, ndiye kuti nsomba nayo idutsa.

Pitani ndi miyeso yanuyo ku komiti ya dera, ndipo mupemphe kuti injiniya wa ku ofesi ya ntchito za misewu ndi zomangamanga ku khonsolo abwere adzaone yekha. Kuzama kwa maziko ndi zitsulo za mu silabu ndi ntchito yake, musaziyerekeze. Muitanenso mlangizi wa za nsomba wa m'dera lanu, chifukwa mawu ake pa msonkhano adzakulimbitsani.

A Kapitawo, ndimakulemekezani, koma zoganizira nsombazi ndi za mayiko olemera. Kuno amayi oyembekezera akulephera kuoloka kupita kuchipatala. Ndalama ya kamlatho kamodzi ikhoza kugula mapaipi a malo atatu. Tisankhe nsomba kapena anthu? — Mkulu wa mpingo, Nkhotakota

Abambo, funso lanu ndi la chilungamo, ndipo mayi woyembekezera ndiye woyamba, pamenepo sitikutsutsana. Kamlatho n'kodula kuposa paipi tsiku logula, zimenezo sindibisa.

Koma mayiyo amafuna kuoloka liti? Mu Ogasiti akhoza kudutsa pa mchenga popanda paipi iliyonse. Tsiku limene amafunadi msewu ndi la mvula yamphamvu mu Febuluwale, ndipo limenelo ndi tsiku lomwe paipi yaing'ono imatsekeka n'kukokoloka. Tonse tinaona zomwe namondwe wa Ana anachita mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Sindikunena kuti kamlatho kangapirire madzi aliwonse, chifukwa Freddy anagwetsa ndi milatho ikuluikulu yomwe. Koma ine pa ntchito yanga ndabwerera pa malo amodzi katatu kukakwirira paipi yomweyo, ndipo ndalama za maulendo atatuwo zikanamanga kamlatho. Ku Vermont, ku America, namondwe wa Irene atawomba mu 2011, zinaoneka kuti malo oolokera omwe anamangidwa motakata poganizira nsomba anapirira, pamene mapaipi ambiri opanikiza anakokoloka. Ndipo ku chigawo cha Washington, mitundu ya eni nthaka inatengera boma la chigawocho kukhoti chifukwa makalavati ankatsekereza nsomba za salmon. Mu 2013 khoti linalamula kuti makalavati mazanamazana akonzedwe, mu 2018 khoti lalikulu la dzikolo silinasinthe chigamulocho, ndipo ntchitoyo ikudya mabiliyoni a madola. Olemerawo akulipira kawiri chifukwa anayamba ndi zotchipa. Ife ndalama zolipira kawiri tilibe.

Komanso inu a ku Nkhotakota musaiwale kuti nsomba ndi anthu omwewo. Mpasa umachoka m'nyanja kukwera Bua kukaikira mazira pa nsangalabwi zoyera, monga umachitiranso ku North Rukuru. Sanjika nayenso amakwera mitsinje. Mpasa sulowa m'kamtsinje kanu ka pamsewu, koma dothi la msewu wokokolokawo limatsikira kumene, kukakwirira nsangalabwi zomwe mazira amafuna. Funsani asodzi okalamba za ntchila. M'zaka za m'ma 1950 inali nsomba yaikulu ya malonda pa nyanja ya Malawi, nayonso yokwera mitsinje poswana. Anthu anaigwira mopyola muyeso pa nthawi yokwerayo, mitsinje inadzadza matope, ndipo lero ana ambiri sanaionepo. Ngati ndalama zili zochepa, langizo langa ndi loti mumange malo amodzi bwinobwino chaka chino, paja pa njira ya kuchipatala, ena adikire.

A Kapitawo, yathu paipi ilipo kale ndipo ndi yolimba, koma kumunsi kwakumbika, madzi amagwa kuchokera m'mwamba. Ndalama yogumula tilibe. Pali chomwe tingachite ndi manja athu? — Mayi wa m'komiti ya usodzi, Machinga

Mayi, chilipo, ngakhale sichifanana ndi kumanga bwino poyamba.

Cholinga n'chokweza madzi a kumunsi mpaka afike pa kamwa la paipi, kuti mathithi aja amire. Pitani kumunsi kwa dziwe lomwe lakumbikalo, pomwe madzi amatulukira, muyale mzere wa miyala ikuluikulu, yoti anthu awiri kapena atatu anyamulirane. Ikwiriridwe theka lake m'nthaka, ilumane, ndipo mzerewo ulowe ndithu m'magombe onse awiri kuti madzi asauzembe m'mbali. Pakati pakhale potsikirapo, kuti chilimwe timadzi tochepato tidzidutsa pamodzi. Mzere umodzi usakweze madzi kuposa chikhatho chimodzi, masentimita 10 kapena 15. Ngati mathithi anu afika m'bondo, mudzafunika mizere itatu kapena inayi, motalikirana, uliwonse ndi kadziwe kake kopumira nsomba. M'mipata ya miyala thirani nsangalabwi ndi mchenga, apo ayi madzi adzangolowa pansi. Mvula yoyamba ikadutsa mukaonenso, chifukwa miyala ina imasuntha.

Chimene musachite ndi kuthira simenti ya fulati kumunsi kwa paipi. Ambiri amatero poganiza kuti ateteza. Madzi amamwazikana pa simentipo, kukhala opyapyala moti ngakhale kansomba sikangasambire, ndipo kumapeto kwa simentiyo amakumbanso mathithi ena. Magabiyoni, madengu a waya odzaza miyala aja, ndi abwino poteteza magombe, koma musawapingase mumtsinje ngati khoma. M'mbali mwa msewu dzalani vetiva kuti dothi ligwirane, ndipo mu Okutobala aliyense achotse zinyalala ndi mchenga pa kamwa la kumtunda.

Chinanso chili m'manja mwa komiti yanu, osati mwa amisiri. Pamene nsomba zaunjikana kudikira kukwera, mono mmodzi kapena neti ya udzudzu imatha kuwola zazikazi zodzadza mazira zomwe zikanadzadza mtsinje wonse. Kambiranani ndi mafumu, pakhale lamulo la m'mudzi loti pa kalavati sipagwidwa nsomba masabata oyamba a mvula, ndipo katupe asayandikire. Lamulo la za usodzi la 1997 linalola anthu a m'midzi kutenga nawo mbali posamala nsomba, ndiye simukuchita zachilendo.

A Kapitawo, kwathu akuti atimangire drifiti. Ndi yabwino kwa nsomba? — Woyendetsa kabaza, Chikwawa

Achimwene, pa mitsinje yotakata ya mchenga, youma miyezi yambiri, ngati yomwe ili kwanuko, drifiti, simenti yoyalidwa pansi pa mtsinje kuti anthu ndi magalimoto azidutsapo madzi akuyenda pamwamba pake, ndi yanzeru, chifukwa ilibe kamwa loti litsekeke. Koma ikhale yofanana ndi pansi pa mtsinje, isatukuke ngati damu, pakati pake pakhale potsika pang'ono, ndipo kumunsi kuyalidwe miyala kuti pasakumbike. Ikatukuka, ndi khoma basi. Vuto lake ndi la anthu: madzi akadzadza simuoloka, ndipo musayese n'komwe ndi njinga yanu. Ngati ana asukulu amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, pemphaninso kamlatho ka oyenda pansi.

A Kapitawo, ndine wa Fomu 3 ndipo ndili m'kalabu ya za chilengedwe pasukulu pathu. Pa kalavati ya pamsewu wa tala pafupi ndi kwathu tapezapo kawiri katumbu atagundidwa ndi galimoto. Katumbu amadziwa kusambira, nanga amakwereranji pamsewu? — Mtsikana wa ku Nkhata Bay

Mwana wanga, waona chinthu chomwe ife akuluakulu a misewu tinachedwa kuchiona.

Katumbu amadziwadi kusambira, koma ulendo wake wambiri amayenda m'mphepete mwa madzi, akununkhiza ndi kusiya zizindikiro zake pa miyala. Akafika pa paipi yodzadza madzi othamanga, ya mdima, yopanda pouma poponda, amakwera gombe kuti adumphe msewu akatsikire tsidya lina, ndipo kawirikawiri amatero usiku. Si iye yekha. Ng'azi, nkhasi, achule, nkhanu, nchenzi ndi fungo zonse zimatsata mtsinje ngati msewu wawo. Ukadzuka m'mawa mvula yoyamba itagwa, kaone achule ophwanyika pa tala pafupi ndi kalavati, udzamvetsa.

N'chifukwa chake ndinauza bambo a ku Zomba aja kuti kamwa la mlatho lipose mtsinje. Gawo lowonjezeralo limasiya kagombe kouma mkati, komwe nyama imayenda osanyowa. Pa kalavati ya bokosi yomwe ilipo kale, amisiri akhoza kumanga kashelefu ka miyala kapena simenti m'mbali mwa khoma, kotakata ngati theka la mita, kokwera kuposa pomwe madzi amafika masiku wamba, ndipo mbali zonse ziwiri katsetsereke kukalumikizana ndi gombe. Kashelefu kongothera m'malere n'kopanda ntchito. Nyama imalowa mosavuta ikamaona kuwala kwa tsidya linalo, ndiye pakamwa pasatsekedwe ndi waya kapena zinyalala, ndipo tchire la m'mbali mwa mtsinje lisalambulidwe lonse, chifukwa ndilo limaitsogolera ku khomo. Msewu wa tala ngati wanuwo uli m'manja mwa bungwe la boma loona za misewu la Roads Authority, choncho musamangepo kanthu nokha. Lembani kalata kudzera mwa aphunzitsi anu, ndipo a bungwe la WESM, lomwe limayang'anira makalabu ngati yanuyo, akhoza kukuthandizani kuifikitsa.

Kalata imeneyo ikhale ndi manambala. Sankhani Loweruka limodzi, mutenge tepi, kope ndi foni ya kamera, muyende makilomita 5 a msewu wanu. Pa kalavati iliyonse lembani zinthu izi: kamwa lake ndi lotakata bwanji, mtsinje kumtunda ndi wotakata bwanji, madzi akugwa masentimita angati kumunsi, pansi pake pali mchenga kapena simenti, ndipo mkati muli pouma poponda kapena ayi. Pa matope a pakamwa yang'anani mapazi. A katumbu amaonetsa zala zisanu, pamene a galu amaonetsa zinayi, ndipo pa mwala wapafupi mudzapeza ndowe zake zodzadza zikamba za nkhanu. Mupite mu Seputembala madzi ali ochepa, muvale nsapato, mukhale ndi mphunzitsi, ndipo musalowe m'paipi iliyonse kukachita mitambo kumapiri.